Ming'alu ya m'Manja mwa a Lezala

"Tembenuzani manja. Tambasulani zala. Wotsatira!"

Mzere wa anthu ovala zoyera unkasendera pang'onopang'ono pakhomo la chipinda chophera ng'ombe. Mayi woyendera wochokera ku boma anali chilili pamenepo, kabuku kali m'khwapa, akuunika manja a munthu aliyense: kunja, m'kati, m'mipata ya zala, mpaka m'zikhadabo. Chibwerereni pa fakitale ya nyamayo miyezi isanu yapitayo, sanajombepo ngakhale m'mawa umodzi, mwakuti antchito anangowapatsa dzina loti Mayi Zikhadabo. Dzinali linali lakuseri, paja. Pamaso pawo aliyense ankati "madamu."

A Lezala anali achinayi pamzerewo. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, amene anasenda ng'ombe pamalopo zaka makumi awiri ndi zitatu, ankachita mantha ngati mwana wa sukulu amene wabwera osasamba. Dzina la Lezala analitengera ku mpeni wawo. Ukadutsa, sunkaboola chikopa, komanso sunkasiyapo nyama ngakhale kanthongo.

Kumbuyo kwawo kunali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankagwira ntchito kuchipinda cha matumbo. Ameneyo pakamwa pake sipankatseka.

"Alamu," ananong'ona, "manjawo lero akuwala bwanji! Mwawapaka polishi?"

"Khalani chete, inu a zam'mimba."

"Ine ndangoyamikira. Komatu wakutsina khutu ndi mnansi, alamu. Zimene mukuchitazi..."

"Ndati khalani chete."

Chimene mlamuyo ankadziwa, ena onse osachidziwa, n'chakuti m'manja mwa a Lezala munali ming'alu isanu ndi umodzi, yakuya, yofiira m'kati. M'mawa uliwonse asananyamuke ankadzitsekera m'bafa, n'kufinya mng'alu uliwonse kuti milomo yake ikumane, n'kudonthezapo guluu uja womatira nsapato. Ankaluma mlomo, chifukwa guluuyo amabaya ngati tsabola. Akauma, ankamukhula ndi kamwala kuti asaonekere. Anali atachita zimenezi milungu itatu, pakuti lamulo linkanena mosapsatira kuti munthu wa chilonda m'manja asakhudze nyama.

"Tembenuzani manja," anatero Mayi Zikhadabo, a Lezala atafika patsogolo pawo.

Babu la pakhomopo linali lofooka, ndipo a Lezala analithokoza mumtima. Mayiwo anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa ya anzawo.

"Khungu lanu lauma kwambiri, bambo. Mukumadzola?"

"Ndikumadzola, madamu."

"Muzidzola ndithu. Pitani."

Anadutsa, nalowa m'chipindamo.

Kunena zoona, lamulo latsopanolo silinali loipa, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Likanakhala lopusa, bwenzi munthu akulitukwana n'kupezako mpumulo. Linkati ng'ombe izilowa mophera ili yaukhondo, yopanda ndowe zomatirira pachikopa. Linkati wosenda azikhala ndi mipeni iwiri, wina m'dzanja, wina m'madzi otentha, azisinthanitsa akangocheka. Linkatinso akakhudza kunja kwa chikopa azisamba m'manja ndi sopo wa mankhwala, wofiirira, wa m'chigubu, magolovesi avale kapena asavale. A Lezala ankasamba mwina kokwana zana pa tsiku. Achinyamata manja awo ankapirira. Awo, patatha miyezi iwiri, anayamba kung'aluka ngati dothi la m'chilimwe.

Kale zimenezi kunalibe. Osenda akale anali ndi mankhwala awo: ntchito ikatha, aliyense ankatapa pang'ono mafuta a pa impso za ng'ombe, akadali ofunda, n'kutikita m'manja. Manja ankakhala ofewa chaka chonse. Tsopano kukhudza mafutawo n'kudzola kunali mlandu. A Lezala anayesa mafuta onse a m'sitolo, koma sopo wa m'chigubu uja ankangowaseka.

Tsikulo ntchito inayamba bwino. Ng'ombe za m'mawa zinali zoyera, zogona m'khola louma, ndipo pofika cha m'ma teni koloko zinali zitapachikidwa kale m'chipinda chozizira. Koma tsoka silinunkha. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata, ndipo lole imene inalowa pageti nthawi imeneyo inatsitsa ng'ombe khumi ndi zinayi zimene ngakhale mtundu wake sunkadziwika. Ndowe zinali zitamatirira m'mimba, m'miyendo, pachifuwa, zina zitauma n'kumalendewera ngati miyala.

Kapitawo, munthu wamfupi wokonda kuloza ndi cholembera, anapezana ndi Mayi Zikhadabo pakhomo la khola. A Lezala ankamva zonse, chifukwa anali atatuluka kukanola mpeni.

"Izi sizilowa," anatero mayiwo.

"Madamu, ng'ombe ndi ng'ombe. Mufuna tizisambitse ndi sopo wonunkhira, tizipake ndi pauda?"

"Mukazithira madzi panopa, ndowezo zisungunuka, ziziyenderera pa nyama. Yonyowa ndi yoipa kuposa yakuda, mukudziwa. Zimetedwe, zigone pouma, ziphedwe mawa."

"Mawa? Zayenda usiku wonse, khola ladzadza, ndipo galimoto za ogula zikubwera madzulo ano. Bwana akamva kuti ndagoneka ng'ombe, mutu wanga ndi umene udulidwe, osati wa ng'ombe."

Anakangana mpaka kapitawo anatembenuka, naona a Lezala, nkhope yake n'kuwala ngati waona m'bale wake pa depoti.

"Madamu, tili ndi munthu pano. Awa amatsegula chikopa kuchokera m'kati, mpeni ukuyang'ana kunja. Ndowe sizifika pa nyama, ndikulumbira. A Lezala, ndikunama?"

A Lezala akanatha kunena kuti ayi. Koma munthu akakutamanda pamaso pa mlendo, lilime limayankha lokha mutu usanaganize.

"Zitheka," anatero.

Mayiwo anaganiza kanthawi. "Chabwino. Zikhale zomaliza. Tcheni chopachikapo ng'ombe chiziyenda pang'onopang'ono, ndipo wosendayo azisamba akangocheka kamodzi, osati akamaliza ng'ombe. Ine ndiima pomwepo."

Pamenepo m'pamene a Lezala anazindikira kuti adzikumbira okha dzenje.

Ng'ombe yoyamba inabwera pa tcheni, mutu pansi. A Lezala anabaya kabowo kakang'ono pamwendo, nalowetsa mpeni, naukankhira kunja, chikopa n'kumatseguka chokha, kupindikira kumbali, ndowe zili kutali ndi nyama. Ngakhale Mayi Zikhadabo anagwedeza mutu, kuyamikira. Kucheka, mpeni m'madzi otentha, manja pa mpopi, sopo, kutenga mpeni wina, kucheka. Pa ng'ombe yachinayi anamva madzi ofunda akulowerera m'magolovesi. Pa yachisanu ndi chiwiri guluu anayamba kufewa, ndipo sopo anapeza njira yake. Mayo ine! Ululu wake unali ngati wina akuwacheka ndi mpeni wawo womwe. Thukuta linatsika m'chipumi mpaka m'maso, koma dzanja silinanjenjemere.

Pa ng'ombe yakhumi, chibulumwa cha ndowe zouma chinakola golovesi ya kudzanja lamanzere n'kuing'amba pachikhatho. Anavula msanga, natenga ina m'bokosi, atapereka msana kwa mayiwo. Koma dzanja lija linali litatsamira kale pachifuwa cha ng'ombe.

"Imitsani tcheni!"

Phokoso lonse linati zii. Mayi Zikhadabo anali atawerama pa nyamayo. Anatolapo kanthu koyera mbuu, kopyapyala ngati mamba a nsomba, nakakweza m'mwamba kuti kawale.

"Ichi n'chiyani?"

Kapitawo anabwera chothamanga, nakayang'ana, nakanunkhiza.

"Kapepala ka pulasitiki aka, madamu. Kangouluka."

"Kauluka kuchokera kuti? Naka kena apa." Anatolanso kachiwiri. "Ngati pali chinthu chikunyotsoka m'chipinda chino, ndiye kuti chagweranso pa nyama ya m'mawa. Sindidinda nyama iliyonse ya lero. Ndipo muno simuphedwanso ng'ombe mpaka tipeze kumene chikuchokera, kaya titenga sabata."

Anatulutsa kabuku kaja m'khwapa.

A Lezala anayang'ana anzawo. Anthu oposa makumi atatu anali ataima, manja ali lende, ndipo ambiri anali aganyu, odya za tsiku lomwelo. Mlamu wawo anali atasuzumira pakhomo la chipinda cha matumbo. Maso awo anakumana, ndipo mlamuyo anapukusa mutu pang'ono, kuwauza kuti asayerekeze. Kungokhala chete, palibe akanadziwa. Koma a Lezala sakanatha kudya ndi kugona, anzawo atakhala pakhomo sabata yathunthu akusakasaka pulasitiki amene kulibe.

Anaika mpeni m'madzi otentha. Anavula golovesi yamanzere, kenako yamanja, natambasula zala pansi pa getsi lowala la pamwamba pa tcheni.

"Si pulasitiki, madamu. Ndi guluu. Wachoka apa."

Ming'alu yonse isanu ndi umodzi inali yasaa, yoyera m'mbali chifukwa cha madzi, ndipo magazi ankatsikira kuchigongono. Wina kumbuyo anati, "Mayo!" Kapitawo anagwira pakamwa.

Mayi Zikhadabo sanakalipe. Akanakalipa, mwina zikanapepuka.

"Mwayamba liti kumata?"

"Milungu itatu, madamu."

"Milungu itatu mukundionetsa manja amenewa m'mawa uliwonse?"

"Inde, madamu."

"Bambo, nyama iyi amadya ndi ana. Amadya ndi odwala m'zipatala. Inu mukudziwa zimenezi kuposa ine."

"Ndikudziwa, madamu."

Analemba m'kabuku. Ng'ombe yakhumi ija anaipachika kapepala kofiira, kuti ikatayidwe. Zina anati azionanso imodziimodzi, ndipo tcheni chitha kuyenda wina akatenga malo a wosendayo. Kenako anauza a Lezala, motsitsa mawu, kuti apite kuchipatala, ndipo asadzalowenso m'chipindamo popanda kalata ya dokotala.

Manyazi amene anawagwira potuluka sadzaiwala. Anthu amene anaphunzira kugwira mpeni kwa iwo ankapatuka kuwapatsa njira, aliyense maso ali pansi.

Anafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba, manja atakulungidwa mabandeji mpaka m'mikono. Akazi awo anali akuanula zovala. Ataona, anasiya beseni pansi.

"Makina akudyani?"

"Ayi. Ndi sopo."

Anawafotokozera zonse atakhala pakhonde, kuyambira ming'alu mpaka guluu. Mayiwo anamvetsera osadula mawu, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndiye guluu amene ndimamusakasaka uja, ndikumanena ana kuti aba, ankathera m'manja mwanu? Ndipo achimwene ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Mlamu wanu adziwe, ine wogona nanu chipinda chimodzi ndisadziwe! Inetu ndimadabwa, munthu kumagona atafumbata manja ngati akufuna kumenya wina kutulo."

"Ndimaopa kuti mundiletsa kupita."

"Ndikanakuletsani, inde." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Nanga adokotala akuti chiyani?"

"Akuti ndipume milungu iwiri, ndizidzola mankhwala awa. Zipola."

"Zikapola?"

A Lezala anangoyang'ana mabandeji aja. Mayiwo anawabweretsera tiyi, ndipo poona kuti sangathe kugwira kapu, anawamwetsa okha.

Zinapoladi. Patatha milungu iwiri khungu linali latsopano, losalala, ndipo dokotala analemba kalata. Mayi Zikhadabo anaunika manjawo pafupi ndi zenera, nati, "Mwalandiridwa, bambo." Mlamu wawo anavina pamzere, akuti lezala labwerera m'chikwama chake. Tsiku loyamba a Lezala anasenda ngati mnyamata. Tsiku lachiwiri khungu linayamba kuyabwa. Lachinayi m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, mng'alu wa pachala chachikulu unatseguka wokha pamalo ake akale. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ulendo uno sanamate. Anapita okha kukaonetsa kwa dokotala.

Dokotala anali munthu wotopa, wolankhula akulemba. Anati khungulo ladana ndi mankhwala a m'sopo, ndipo likadana, ladana mpaka kale. A Lezala anafunsa ngati kulibe sopo wina. Dokotala anati akafunse kuntchito. Kapitawo anati sopo amasankha ndi a boma. Mayi Zikhadabo anatsegula kabuku kawo, nawaonetsa mitundu itatu yovomerezeka, ndipo yonse inali ndi mankhwala omwewo.

"Ndilembera akuluakulu anga," anatero mayiwo. "Koma ndisakunamizeni, bambo. Ndinalembapo za munthu wina chaka chatha, ku fakitale ina. Yankho silinabwerebe."

"Nanga nditavala magolovesi awiriawiri?"

"Lamulo likuti chilonda chisayandikire nyama. Silikunena za kuchuluka kwa magolovesi." Anatseka kabuku. "Sindinaonepo munthu wosenda ngati inu. Ndikunena zoona. Koma sindingakudindireni."

"Lamulo liposa mphamvu," anatero a Lezala, ndipo mayiwo sanatsutse.

Kapitawo anawaitanira mu ofesi yake, kachipinda kodzadza ndi mafayilo ndi majombo akale. Sanawayang'ane m'maso. Ankangotembenuza cholembera m'zala.

"Ndalankhula ndi bwana. Kukuchotsani, ayi, sitingatero, mwatigwirira ntchito nthawi yaitali. Koma m'kati simungalowenso. Kukhola kukufunika munthu. Lamulo lomweli likufuna woti azimeta ndowe pa ng'ombe zikangofika, azipala pansi, aziyala utuchi wouma. Kumeneko kulibe sopo uja."

"Kukhola," anatero a Lezala.

"Ndi ntchito imenenso ija, bambo."

Kukhola n'kumene anayambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anapala ndowe zaka ziwiri asanaloledwe kugwira mchira wa ng'ombe yophedwa, ndi zina zitatu asanapatsidwe mpeni. Mtima unawawa kwambiri moti anafuna kuimirira n'kutuluka osatsazika. Koma munthu wa zaka zawo, wa manja otere, akanapita kuti? Fakitale iliyonse ya nyama inali ndi chigubu chomwecho cha sopo, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Kunyumba kunali ana awiri a sukulu ndi mdzukulu.

"Ndiyambe liti?"

"Lolemba."

Lolemba anawapatsa ovololo yabuluu, majombo akuda, fosholo ndi makina ometera. Zoyera zija anabweza kusitolo ya fakitale. M'mawa wonse anameta mimba za ng'ombe, zina zikuwaponda, ina n'kuwathira ndowe paphewa. Anagwira bwino ndithu, pakuti manja ozolowera ntchito sadziwa kunyanyala. Ng'ombe iliyonse imene inachoka m'manja mwawo inalowa pakhomo lopapatiza lolowera mophera ili yoyera, ndipo Mayi Zikhadabo sanabweze ngakhale imodzi. Kuseri kwa khoma ankamva tcheni chikuyenda.

Belu la nkhomaliro litalira, anasamba pa mpopi wa panja, natenga kontena ya chakudya, nalunjika kuchipinda chodyera monga mwa masiku onse. Anali ataponda kale pakhomo pamene mlonda anatambasula dzanja.

"Pepani, bambo. A zabuluu salowa muno."

"Iwe, ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani, bambo. Koma akuti a kukhola ndi a m'kati asamasakanikirane, ngakhale pa chakudya. Majombowo. Malo anu ali kuseri kwa makola, pali benchi."

M'chipindamo anthu anasiya kutafuna. Mlamu wawo anali pa tebulo la pakona, atawasungira malo pambali pake, chipewa chili pampando. Anaimirira, natenga mbale yake, nayamba kubwera kukhomo.

"Ndikadyera nanu konko, alamu."

"Mukatuluka ndi zoyerazo kupita kukhola, simulowanso m'kati lero," anatero mlonda, mawu ali pansi. "Si ine, ndi lamulo."

Mlamuyo anaima pakati pa chipinda, mbale ili m'manja. Anatsegula pakamwa, munthu amene sanasowepo chonena chibadwire, koma sipanatuluke kanthu.

"Khalani pansi, alamu," anatero a Lezala. "Chakudya chizizira."

Anatembenuka, nazungulira nyumbayo, kudutsa pamene amatsukira malole, mpaka kuseri kwa makola. Benchi inalipodi, yonyowa mbali imodzi. Anakhala kouma, natsegula kontena, nayamba kudya okha, ng'ombe za mawa zikuwayang'ana pa mpanda.